Matope Amabisa Tizilombo: "Sitinapeze" Sakutanthauza Kuti "Mulibe"

Mvula yoyamba ikagwa, mitsinje ndi madamu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amasintha mtundu tsiku limodzi lokha. Madzi amene mu Okutobala anali ochepa koma oyera amafiira ngati katondo, ena amatuwa ngati phala la mgaiwa. Madzi othamanga amakokolola zonse zimene zinaunjikana m'chilimwe: dothi la m'minda yolimidwa kumene, ndowe za m'makola, zitosi za nkhuku, ndi chimbudzi cha anthu amene anadzithandiza kuthengo. Zonsezi zimakathera pamalo pomwe amayi amatunga, pomwe ng'ombe zimamwa, ndi pomwe timatenga madzi othirira madimba.

Pa maphunziro athu alimi amatifunsa kawirikawiri kuti, "Madzi a kwathu anapimidwa, ndipo anatiuza kuti sanapezemo kanthu, nanga ana akutseguliranjibe m'mimba?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'matope omwewo. Tinthu timene timayandama m'madzi ovunduka, monga dongo, ndere, tizidutswa ta masamba ovunda ndi ta ndowe, timasokoneza ntchito ya wopima madzi pa gawo lililonse. Motero pepala lochokera ku labotale likhoza kunena zoona kuti sanapeze tizilombo, pamene tizilomboto tili momwemo. Tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira, ndi chimene banja la mlimi liyenera kuchita litazidziwa.

Tizilombo take ndi titi?

Matenda a m'madzi amadza ndi magulu atatu a tizilombo. Pali mabakiteriya, monga aja a kolera ndi tayifodi. Pali mavairasi. Gulu lachitatu, limene nkhani ino yaimapo, ndi la tizilombo tokhala m'matumbo a munthu kapena a chiweto, timene timatuluka ndi chimbudzi titadzitsekera m'kachigoba kolimba. M'nkhani ino tizitchula tizigoba timeneti kuti timazira.

Kachilombo kovuta koposa m'gululi ndi Cryptosporidium. Timazira take n'tating'ono maikulomita 4 mpaka 6. Milimita imodzi, kamzere kochepetsetsa kaja ka pa lula ya mwana wa sukulu, ili ndi maikulomita 1,000. Choncho pafunika timazira pafupifupi 200 titandandalikana kuti tikwane kamzere kamodziko. Mwana wa ng'ombe wa masabata awiri kapena atatu amene akutsegula m'mimba amatha kutulutsa timazira mabiliyoni m'masiku owerengeka, ndipo mtundu umene umagwira ana a ng'ombe umagwiranso anthu. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013, wochitika m'maiko 7 a mu Africa ndi Asia kuphatikizapo ku Manhiça m'dziko la Mozambique, anasonyeza kuti pakati pa ana osakwana chaka chimodzi, Cryptosporidium ndi wachiwiri kwa rotavirus pa zoyambitsa kutsegula m'mimba koopsa. Kuno kwathu, Dr Beatrice Amadi ndi Dr Paul Kelly pamodzi ndi anzawo anayesa mankhwala a nitazoxanide pa ana odwala pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo mu 2002 anafalitsa kuti mankhwalawo anathandiza ana opanda kachilombo ka HIV, koma sanathandize ana amene anali nako. Matenda amene mankhwala ake ndi osadalirika chotere amafunika kuwatsekera kumadzi.

Kachilombo kachiwiri ndi Giardia, kamene timazira take timaposa ta Cryptosporidium pafupifupi kawiri. Kamatupitsa mimba, kamachititsa mpweya wonunkha ndi chimbudzi chamafuta, ndipo mwana akakhala nako nthawi yaitali amanyentchera ngakhale akudya. Timazira 10 tokha tikhoza kudwalitsa munthu.

Chachitatu ndi njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, Taenia solium, imene ife a Chigawo cha Kum'mawa tikuidziwa bwino. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake, a maikulomita 30 mpaka 40, amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba ikadya chimbudzicho imachita masese. Koma munthu akameza mazirawo m'madzi kapena pa ndiwo zosatsuka, masesewo amamera m'thupi mwake iye mwini, nthawi zina mu ubongo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zoyambitsa khunyu m'madera mwathu. N'chifukwa chake akatswiri a pa Yunivesite ya Zambia, mogwirizana ndi anzawo a ku Belgium, anagwira ntchito zaka zambiri ku Nyembe m'boma la Katete ndi ku Mtandaza m'boma la Sinda.

Kupima kumene tinazolowera

Poyamba tizindikire kuti mawu akuti "madzi anapimidwa" ali ndi matanthauzo angapo. Akatswiri a zaukhondo akabwera ndi bokosi lawo pachitsime kapena pa mjigo, kawirikawiri amatenga madzi okwana mamililita 100, osafika ndi theka la kapu yomwera tiyi. Amawasefa pa kapepala, n'kukaika m'chofungatira usiku umodzi, ndipo m'mawa amawerenga timadontho ta mabakiteriya a m'matumbo timene tamera. Amayesanso kuvunduka kwa madzi ndi kuchuluka kwa klorini. Kupima kumeneku ndi kwabwino ndiponso kofunika, pakuti kumatiuza ngati chimbudzi chalowa m'madzi posachedwa.

Komatu kupima kumeneku sikufunafuna timazira. Ndiponso mabakiteriya aja amafa msanga, ndipo klorini imawapha mosavuta, pamene timazira ta Cryptosporidium timakhala ndi moyo miyezi m'matope ozizira ndipo timapirira klorini masiku angapo. Madzi akhoza kutuluka ndi ziro pa pepala la mabakiteriya, timazira tili tamoyo. Ngakhale pa mabakiteriya pomwepo matope amanyenga: kapepala kosefera kamatsekeka, ndipo mabakiteriya ambiri omatirira pa kachidutswa kamodzi ka dothi amamera ngati kadontho kamodzi, n'kuwerengedwa ngati mmodzi.

Kufunafuna timazira

Kupima timazira ndi ntchito ina, yodula, yofuna labotale yaikulu. Njira imene maiko ambiri amatsata inakonzedwa ndi bungwe la boma la United States loona za chilengedwe, Environmental Protection Agency, mu 1999, ndipo imadziwika ndi nambala yakuti 1623. Ili ndi magawo anayi.

Choyamba, madzi okwana malita 10, theka la chigubu chachikulu, amadutsitsidwa m'sefa ya timabowo ta maikulomita imodzi. Timazira timatsala m'sefamo pamodzi ndi china chilichonse chachikulu kuposa timabowoto. Chachiwiri, sefayo amaitsuka ndi madzi a sopo wapadera, akuigwedeza ndi makina, ndipo zotsukazo amaziika m'makina ozunguza mwaliwiro kuti zolemera zonse zikhale pansi ngati masese a mowa. Chachitatu, m'masesewo amathiramo timikanda tosaoneka ndi maso tokhala ndi chitsulo m'kati, topakidwa mankhwala amene amagwira chigoba cha Cryptosporidium ndi Giardia chokha. Akayandikiza maginito, timikanda timakokeka pamodzi ndi timazira timene tagwira, ndipo zinyalala amazitaya. Chachinayi, timazira amatiika pa kagalasi, amatipaka utoto umene umawala mobiriwira pa kuunika kwapadera, ndipo munthu amakhala pa maikulosikopu m'chipinda chamdima n'kumatiwerenga kamodzikamodzi.

Aliyense amene anapetapo mpunga kapena kusankha nyemba akudziwa kuti posankhapo pamatayika zina. Pano napo n'chimodzimodzi, ndipo matope amachulukitsa zotayika pa gawo lililonse.

Mmene matope amasokonezera

Pa sefa, madzi ofiira a mu Januwale amatseka timabowo malita 10 asanadutse. Nthawi zina pamadutsa malita awiri kapena atatu okha, madzi n'kuima. Wopima akapanda sefa yachiwiri, ndiye kuti wayang'ana gawo laling'ono chabe la madzi amene anafunika kuyang'ana.

Potsuka sefa, dongo limakhala litamatirira timazira n'kupanga chikhakha cholimba m'makwinya a sefayo. Zina zimachoka, zina zimatsalira momwemo n'kutayidwa pamodzi ndi sefa. Vutoli linali lalikulu kotero kuti pokonzanso njirayi mu 2012 anawonjezamo mankhwala omwaza dongo, ofanana ndi amene akatswiri a za nthaka amagwiritsa ntchito polekanitsa mchenga ndi dongo poyesa dothi la m'munda.

Pa maginito, timikanda timagwira bwino ntchito ngati masese sapitirira theka la mililita pa kabotolo kamodzi. Madzi a m'damu m'dzinja akhoza kutulutsa masese ochuluka kakhumi kuposa pamenepo. Wopima ayenera kugawa masesewo m'timabotolo tambiri, kalikonse ndi timikanda take todula, apo ayi apime gawo limodzi n'kusiya otsalawo. Ndiponso kadzira kokutidwa ndi dongo sikagwirika, pakuti kamkanda sikakhudza chigoba chake. Dothi lathu lofiira lili ndi vuto lina lapadera: kufiira kwake kumachokera ku chitsulo, ndipo tinthu ta chitsulo timasokoneza kugwirana kwa timikanda ndi timazira, tina n'kukokeka ndi maginito n'kukadetsa kagalasi.

Pa maikulosikopu, kachidutswa ka dothi kakagona pamwamba pa kadzira kamakabisa. Ndere zina zazing'ono ndi zozungulira, zofanana msinkhu ndi timazira, ndipo zimawala zokha. Motero wopima wosazolowera akhoza kuwerenga ndere ngati kachilombo, kapena kutaya kachilombo poyesa ndere. Ngakhale njira yamakono ya PCR, imene imafunafuna DNA ya kachilombo m'malo moyang'ana ndi maso, imagonja pa madzi a m'dambo: zinthu zakuda zochokera ku masamba ovunda, zija zimadetsa madzi ngati tiyi, zimaimitsa mankhwala a PCR, makina n'kunena kuti mulibe kanthu.

Akatswiri amadziwa zonsezi, ndipo ali ndi njira yodziyesera okha. Amatenga chigubu chachiwiri cha madzi omwewo, n'kuthiramo dala timazira towerengedwa, mwachitsanzo 100, kenaka n'kupima kuti aone timene tibwerere. Malamulo a njirayi a chaka cha 2005 ankavomereza kuti ntchito yayenda bwino ngakhale patabwerera timazira 13 tokha pa 100. Chiwerengero chimenechi chikutiuza zambiri: eni njirayo akuvomereza kuti tambiri timatayika panjira.

Tiwerengere limodzi chitsanzo. Tiyerekeze kuti m'damu muli kadzira kamodzi pa lita iliyonse. M'malita 10 muyenera kukhala timazira 10. Sefa yatsekeka patadutsa malita awiri, ndiye kuti tagwidwa tiwiri. Ngati pa timazira titatu tiliponse pamabwerera kamodzi, n'kosavuta kuti pa tiwirito pasabwerere ndi kamodzi komwe. Pepala lidzati, "Sitinapeze." Koma mwana amene amamwa lita imodzi pa tsiku adzakhala atameza timazira 10 pakutha kwa masiku 10.

Madzi oyera nawo amanyenga

Wina angaganize kuti madzi akakhala oyera mbee, kupima kumayenda bwino koposa. Zimene anapeza akatswiri a pa National University of Singapore mu 2003 zinadabwitsa ambiri. Atathira timazira towerengedwa m'madzi a pampopi, anapezanso timazira 14 tokha pa 100 tiliponse. Atathira m'madzi a m'damu ovunduka pang'ono, anapezanso 85 pa 100. Pofufuza chifukwa chake anaona kuti tinthu toyandama ta msinkhu wa maikulomita 5 mpaka 40, tikakhala tochepa bwino, timathandiza kuti timazira tisatayike posefa. Zikuoneka kuti timayala kamphasa pa sefa kotero kuti timazira sitikanirira m'timabowo, ndipo m'makina ozunguza timatsika nato pansi. Pamenepa tikuphunzira kuti kuchuluka kwa tinthu toyandama ndi msinkhu wake zonse zili ndi mbali: tochepa timathandiza wopima, tochuluka timamulepheretsa, ndipo madzi opanda kanthu nawonso amamutayitsa timazira. Madzi a mitsinje yathu m'dzinja ali kutali kumbali ya tochuluka.

Kuvunduka kwa madzi amakuyesa ndi muyeso wotchedwa NTU. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti madzi othira klorini akhale pansi pa 1 NTU ngati n'kotheka, ndipo m'midzi asapitirire 5. Diso la munthu limayamba kuona kuti madzi achita mbuu akafika pafupifupi 4. Madzi a mumtsinje mvula itagwa amafika mazana. Koma zimene zinachitika mumzinda wa Milwaukee ku United States mu Malichi ndi Epulo 1993 zimatichenjeza za mbali inayo. Madzi a m'mipopi ochokera ku nyanja ya Michigan anavunduka mpaka 1.7 NTU chabe, muyeso umene diso lathu lingati ndi madzi oyera, ndipo anali ndi klorini. Anthu pafupifupi 403,000 anadwala Cryptosporidium. Umboni unadzapezeka pambuyo pake, akatswiri atasungunula madzi oundana amene anapangidwa m'masabata amenewo n'kupezamo timazira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusintha pang'ono kwa maonekedwe a madzi, ngakhale a pa mjigo mvula itagwa, ndi chizindikiro chakuti madzi a pamwamba apeza njira yolowera.

Malo ndi nthawi yotungira

Matope amasinthanso malo amene timazira timapezeka. Akatswiri a ku Netherlands anayesa mu 1998 liwiro limene timazira timatsikira m'madzi odikha. Kadzira ka Cryptosporidium kali kokha kamatsika pafupifupi masentimita atatu pa tsiku lathunthu, ka Giardia pafupifupi masentimita 12. Koma timazira tikamatirira ku zinyalala zolemera timatsika msanga. Mazira a njoka za m'mimba, pokhala aakulu, amafika pansi m'maola ochepa.

Tanthauzo lake ndi lakuti matope a pansi pa damu ndi nkhokwe ya timazira. Wopima akabwera m'mamawa, madzi atadikha usiku wonse, n'kutunga pamwamba pakati pa damu, akhoza kupita ndi madzi opanda kanthu. Masana ng'ombe zikalowa n'kupondaponda, nkhumba n'kugubuduka m'mphepete, zonse zimene zinagona pansi zimadzuka. Ndipo mtsikana amene watumidwa madzulo amatunga m'mphepete momwemo, ndowa yake ikukhudza pansi. Madzi amene anapimidwa ndi amene anamwedwa ndi a damu limodzi, koma si amodzi.

Nyengo nayo ili ndi mbali. Timazira timachuluka m'madzi a mvula zoyamba, nthawi yomwe matope amachulukanso. Ndiye kuti tsiku limene madzi ali oopsa koposa ndi lomwe kupima kuli kovuta koposa. M'chaka cha chilala vuto limabwera mwa njira ina. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi atachepa anthu ndi ziweto ankakumana pa madziwe otsala ndi pa zitsime zofukula pamchenga. Madzi ochepa, ziboda zambiri, matope osadikha: pamenepo timazira timaunjikana.

Phunziro la lilime la nkhumba

Ife oweta nkhumba tili ndi chitsanzo chathu cha kupima kumene kumaphonya. Ogula nkhumba amaigwetsa pansi, kuitsegula pakamwa ndi mtengo, n'kupapasa kunsi kwa lilime kufuna masese. Akapanda kumva kanthu amati ndi yabwino. Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atapha nkhumba 68 za ku Katete ndi ku Sinda n'kucheka nyama yonse m'tizidutswa topyapyala. Nkhumba 38 zinali ndi masese, ndipo kupapasa lilime kunazindikira zochepa chabe mwa izo, makamaka zija zodzadza. Lilime likasonyeza masese, nkhumbayo ili nawo ndithu. Likapanda kusonyeza, sitinadziwebe. Pepala la madzi nalo tiziliwerenga chomwecho. Likati apeza, tikhulupirire ndipo tichitepo kanthu tsiku lomwelo. Likati sanapeze, tifunse kuti anafunafuna bwanji.

Zofunsa polandira zotsatira

Mamembala a komiti ya madzi, mafumu ndi akulu a mpingo, musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Funsani kuti anapima chiyani: mabakiteriya okha, kapena timazira tomwe? Funsani kuti anatunga pati, nthawi yanji, mwezi uti, ndipo mvula inali itagwa liti. Funsani kuvunduka kwa madziwo tsiku limenelo. Ngati anapima timazira, funsani malita amene anadutsadi m'sefa, gawo la masese limene anayang'ana, ndiponso ngati anathira timazira towerengedwa kuti adziyese. Funsaninso masiku amene madziwo anakhala panjira, pakuti njira ija imafuna kuti asungidwe pozizira osaundana, ndipo ntchito iyambe pasanathe maola 96. Wopima wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere.

Mukapemphedwa kuthandiza kutunga madzi okapima, aperekezeni pamalo penipeni pamene anthu amatunga, pa nthawi imene amatunga. Musasankhe malo oyera pofuna kuti mudzi wanu utamandidwe. Pemphani kuti adzabwerenso m'dzinja. Ndipo yendani nawo mozungulira: chimbudzi chili pati, khola lili pati, madzi a mvula amatsikira kuti. Zimene maso aona pamenepo nthawi zambiri zimanena zoona kuposa botolo limodzi.

Zochita panyumba

Matope amene amabisa timazira kwa wopima ndi omwenso amatiteteza ku mankhwala ndi ku dzuwa. N'chifukwa chake kukonza madzi ovunduka kuli ndi magawo awiri: kuchotsa matope, kenaka kupha tizilombo.

Dikhitsani madzi mumtsuko wovundikira usiku wonse, ndipo m'mawa tsanulirani a pamwamba mumtsuko wina pang'onopang'ono, osagwedeza. Matope otsala katayeni kutali ndi ana ndi nkhumba, pakuti mazira a njoka ali momwemo. Njere zouma za moringa, zosenda ndi kusinja, zimathandiza dongo kugwirana n'kutsika msanga. Sefani ndi chitenje choyera chopinda kanayi kapena kuposa. Komabe kumbukirani masentimita atatu aja: kudikha kwa usiku umodzi sikutsitsa timazira tonse ta Cryptosporidium, ndipo timadutsa pa nsalu iliyonse. Madzi oyera maonekedwe amafunikabe gawo lachiwiri.

Kuwiritsa ndiyo njira imene matope sangaigonjetse, chifukwa kutentha kumalowa paliponse. Madzi akabwadamuka, asiyeni mphindi imodzi yathunthu. Timazira ta mitundu yonse itatu timafa. Tikudziwa kuti nkhuni zikusowa ndipo makala akwera mtengo. Ngati simungathe kuwiritsa a banja lonse, wiritsani a makanda amene ayamba kulandira phala, a ana osakwana zaka zisanu, a odwala, a okalamba ndi a abale athu amene ali ndi kachilombo ka HIV.

Klorini musaisiye. Kolera itabuka ku Vubwi mu Januwale 2023 tonse tinakumbutsidwa kufunika kwake, ndipo pa kolera ndi tayifodi ndi chida champhamvu. Thirani monga mwa malangizo a pa botolo, dikirani mphindi 30, ndipo madzi akakhala ovundukabe muyeso umafunika kuwirikiza. Koma dziwani malire ake: Giardia imachedwa kufa nayo, ndipo Cryptosporidium ndi mazira a njoka sizifa pa muyeso wa madzi akumwa. Njira yoika madzi padzuwa m'mabotolo oyera a pulasitiki kwa maola 6 imafuna madzi a pansi pa 30 NTU. Kuyesa kwake n'kosavuta: imikani botolo lodzaza pa mutu wa nkhani wa nyuzipepala, suzumirani kukamwa kwake, zilembo zikapanda kuwerengeka, madziwo asefedwe kaye.

Zochita pamunda ndi pakhola

Chimene chimapambana zonsezi ndi kuchepetsa timazira ndi matope omwe asanafike m'madzi, ndipo apa ndi pamene ulimi wabwino umakumana ndi thanzi. Akalozera ndi mizere yopingasa, udzu wa vetiva, kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndi kusiya udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje, zonsezi zimasunga chonde m'munda ndipo zimasefa madzi asanatsike. Dothi limene lafiiritsa mtsinje ndi lomwe tinaligulira feteleza.

Ziweto zikhale ndi malo awoawo omwera, kumunsi kwa pomwe anthu amatunga, kapena zizimwera m'chomwera chomangidwa panja pa mpanda wa damu. Khola, makamaka la ana a ng'ombe, lisakhale kumtunda kwa chitsime. Ndowe za ana a ng'ombe otsegula m'mimba ziikidwe m'dzenje la manyowa mpaka zitenthe ndi kupsa bwino, ndipo wozigwira asambe m'manja ndi sopo asananyamule mwana. Nkhumba zikhale m'khola chaka chonse, ngakhale titakolola. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndipo aliyense azichigwiritsa ntchito. Pamene ulemu wa pakati pa apongozi ndi akamwini, kapena makolo ndi ana aakulu, ukuletsa kulowa chimbudzi chimodzi, kumbani ziwiri. Mwambo usungike, ndipo kuthengo kusapite munthu. Ndiwo za kudimba, lepu, chainizi ndi tomato, zothiriridwa ndi madzi a m'dambo, zitsukidwe ndi madzi okonzedwa ndipo ziphikidwe.

Chitsime chikhale ndi khoma, chivundikiro, simenti yozungulira yopanda ming'alu, ndi chotungira chimodzi chosatsika pansi. Madzi a pa mjigo akayamba kutuwa mvula ikagwa, kauzeni akatswiri a zaukhondo a pa kiliniki yanu, ndipo wiritsani kufikira atakonza. Mwana akatsegula m'mimba, mpatseni ORS ndi zinki, apitirize kuyamwa, ndipo mupite naye ku kiliniki kapena ku chipatala, kaya ndi ku St Francis ku Katete, ku Nyanje kapena ku Vubwi, madzi asanamuthere m'thupi.

Abale ndi alongo, Mulungu anatiika kukhala adindo a nthaka ndi madzi, ndipo mdindo wokhulupirika sayembekezera pepala kuti achite chimene maso ake amuuza kale. Kupima madzi ndi ntchito yabwino, ndipo tiyenera kuilimbikitsa ndi kuwalandira bwino oichita. Koma madzi a mumtsinje, a m'damu ndi a m'dambo, kumene anthu ndi ziweto amafika, tiziwatenga kuti ali ndi timazira ngakhale pepala litanena kuti sanapeze. Mvula isanayambe, komiti iliyonse ya madzi iyendere chitsime chake, ikonze mpanda wa damu, ndipo iwerenge makomo amene alibe chimbudzi.